Wufa ya m'galimoto ingalire m'nyumba? Inde, koma muyambe mwawerenga masamu ake

Wufa ya m'galimoto ikhoza kulira m'nyumba, ndipo ikhoza kulira bwino ndithu. Koma pakati pa wufayo ndi soketi ya pakhoma, kapena batire la sola la makolo anu, pali zinthu zingapo zimene zikalakwika zimaotcha ampulifaya, zimapha batire, ndipo nthawi zina zimayatsa moto. Kuno ku Luwani ndi ku Lisungwi funsoli silisowa. Galimoto ikafa, zamkati mwake zimagulitsidwa chimodzichimodzi, ndipo wufa yogulidwa ku Zalewa kapena ku Limbe imafika pamudzi ili m'thumba, yopanda buku la malangizo. Mwini wake amangoyang'ana mwana wa Fomu 3 n'kunena kuti, "Iwe si umaphunzira fizikisi? Tailumikiza." Tiyeni tione zimene muyenera kudziwa tsiku limenelo lisanafike.

Timvane kaye pa dzina. Kuno tikati "wufa" nthawi zambiri timatanthauza chibokosi chija chogula m'sitolo, chokhala ndi Bluetooth, rimoti ndi timasipika tiwiri ta m'mbali. Chimenecho chili kale ndi ampulifaya mkati, mumangolowetsa pulagi basi. Ine ndikunena za china: sipika yaikulu ija ya mainchesi 10 kapena 12 imene imakhala m'buti ya galimoto, imene ikamalira galimoto yonse imanjenjemera ngakhale nyimboyo simukuimva mawu ake.

Sipika sidziwa kuti ili m'galimoto

Pali bodza limene lafala loti "wufa ya m'galimoto ndi ya mavoti 12". Ayi. Chimene chimafuna mavoti 12 ndi ampulifaya ya m'galimoto. Wufa payokha ndi sipika basi, ndipo sidziwa kuti ili m'buti ya Toyota kapena pabalaza pa agogo anu.

Mukaitembenuza muona chimaginito cholemera kumbuyo. Pakati pa maginitowo pali mpata wozungulira, wopapatiza, ndipo mumpatamo muli koyilo ya waya wa kopa. Koyiloyo anaimata ku cone, chimbale cha pepala lolimba kapena pulasitiki chimene timachiona kutsogolo chija. Current ikadutsa mu koyilo, koyiloyo imakankhidwa, chifukwa waya wonyamula current akakhala m'mphamvu ya maginito amamva force. Ndi motor effect yomwe ija ya m'buku lanu, ya lamulo la dzanja lamanzere la Fleming. Current ikatembenuka, force nayo imatembenuka. Ndiye ampulifaya ikamatumiza current yosinthasintha motsata nyimbo, cone imapita kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, kumbuyo, kukankha mpweya. Kukankhidwa kwa mpweyako ndiye mawu.

Mukhoza kuziona ndi maso. Tengani batire limodzi la tochi la mavoti 1.5, mugunditse mawaya awiri ochokera ku wufa pa batirelo kwa kamphindi chabe. Mumva "phu" ndipo cone isuntha. Tembenuzani batirelo, isunthira mbali inayo. Ikapita kutsogolo, ndiye kuti waya amene ali pa + ya batire ndi amene ali + wa sipikayo. Ikapanda kusuntha n'komwe, koyilo inaduka kale, ndipo malume anu anagula chitsulo. Kuyesa kumeneku muzichita musanapereke ndalama. Ubale wa current ndi maginito anauona Hans Christian Oersted ku Denmark mu 1820, ndipo sipika ya mtundu umene tikugwiritsa ntchito lerowu anaikonza Chester Rice ndi Edward Kellogg a kampani ya General Electric ku America, n'kuilengeza mu 1925. Zaka 100 zapita, mfundo yake sinasinthe.

Nanga n'chifukwa chiyani wufa imakhala yaikulu chotere? Khutu la munthu wachinyamata limamva kuyambira pa 20 Hz mpaka pafupifupi 20,000 Hz. Wufa ntchito yake ndi kumunsi kwenikweni, kuyambira pa 20 Hz mpaka cha m'ma 100 Hz. Gwiritsani v = fλ. Mawu amayenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi, choncho mawu a 50 Hz ali ndi wavelength ya 340 ÷ 50, omwe ndi mamita 6.8. Funde limodzi lokha, koma n'lalitali kuposa chipinda chanu chogona. Mawu a 5,000 Hz wavelength yake ndi masentimita 6.8 okha. Kuti mawu otsika amveke mwamphamvu pamafunika kukankha mpweya wambiri pa ulendo uliwonse, ndiye cone iyenera kukhala yotakata ndipo iziyenda mtunda wautali. Ndi chifukwa chomwecho ng'oma yaikulu imagunda pansi pomwe kang'oma kamalira pamwamba, ndipo babatoni, imene amaimba Gasper Nali kapena a Madalitso Band, imafuna chingwe chachitali ndi chimimba chachikulu.

Ma ohm: apa ndi pamene maampulifaya ambiri amafera

Pa maginito kapena pachikalata cha wufa pamalembedwa nambala monga 4 Ω kapena 2 Ω. Imeneyi ndi impedance, yomwe ili ngati resistance koma ya current yosinthasintha. Mukayeza ndi multimeter muona nambala yotsikirapo, mwina 3.2 kapena 3.5 pa sipika ya 4 Ω. Musadabwe, mita imayeza resistance ya waya wokha.

Masipika a m'galimoto ambiri ndi a 4 Ω kapena 2 Ω. A m'nyumba ambiri ndi a 8 Ω kapena 6 Ω, ndipo maampulifaya a m'nyumba anawapangira amenewo. Tiyeni tione chimene chimachitika mukalumikiza wufa ya m'galimoto ku ampulifaya ya m'nyumba. Tiyerekeze kuti ampulifayayo ikutulutsa mavoti 20. Lamulo la Ohm likuti I = V ÷ R. Pa sipika ya 8 Ω, current ndi 2.5 A ndipo power ndi mawati 50. Pa 4 Ω, current ndi 5 A, mawati 100. Pa 2 Ω, current yafika 10 A, mawati 200. Wina aganiza kuti wapata mwayi: ampulifaya yomweyi, mphamvu kanayi! Koma current yonseyo ikudutsa m'matransistor ndi mu transformer zimene anazipangira 2.5 A. Zimatentha. Ampulifaya yabwino imadzizimitsa yokha, yotsika mtengo imatulutsa utsi.

Ndiye yang'anani kumbuyo kwa ampulifaya, pafupi ndi polumikiza masipika. Pamalembedwa monga "4–16 Ω" kapena "8 Ω min". Impedance ya wufa isatsike kuposa nambala yaing'onoyo. Ndipo musachite chimene ambiri amachita, chomangirira wufa pa mawaya omwewo a sipika imene ilipo kale. Kumeneko ndi kulumikiza mwa parallel, ndipo 8 Ω ndi 4 Ω mwa parallel zimapereka (8 × 4) ÷ (8 + 4), pafupifupi 2.7 Ω. Mwatsitsa impedance osadziwa.

Pali mwayi umodzi. Mawufa ena ali ndi makoyilo awiri, amalembedwa DVC, ndipo muwazindikira poona malo anayi olumikiza waya m'malo mwa awiri. Ngati koyilo iliyonse ndi ya 4 Ω, mukazilumikiza mwa series mupeza 8 Ω, imene ampulifaya ya m'nyumba imailandira bwinobwino. Mukazilumikiza mwa parallel mupeza 2 Ω. Sipika imodzi yomweyo, kawaya kamodzi kokha ndiko kakusiyanitsa ampulifaya yamoyo ndi yopsa. Amene amati series ndi parallel ndi zongolembera mayeso a MANEB awerengenso ndime imeneyi.

Vuto lina la njira imeneyi ndi loti ampulifaya wamba ya m'nyumba imatumiza mawu onse, otsika ndi okwera omwe. Wufa ikapatsidwa mawu a woimba imawatulutsa ngati munthu akulankhula ali m'mgolo. Pamafunika low-pass filter, kachipangizo kolola mawu otsika okha kudutsa. Maampulifaya a m'galimoto ambiri ali nako kale, n'chifukwa chake anthu ambiri amasankha kutenga wufa pamodzi ndi ampulifaya yake. Apa ndi pamene nkhani ya mavoti 12 ikuyambira.

Mavoti ochepa, current yochuluka

Soketi ya ESCOM imapereka mavoti 230 a AC, osinthasintha maulendo 50 pa sekondi. Magetsi amenewa ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire pompano, ku Nkula ndi ku Tedzani, kumene a EGENCO amawapanga. Ampulifaya ya m'galimoto imafuna DC, mavoti 12 batire likangokhala, kapena pafupifupi 14.4 injini ikamalira. Kulowetsa mawaya a ampulifaya yotere, kapena a wufa yeniyeniyo, mu soketi ya pakhoma ndi kuiwononga nthawi yomweyo, ndipo mavoti 230 amapha munthu. Palibe "kungoyesa pang'ono" apa.

Tsopano funso losangalatsa: mavoti 12 angatulutse bwanji mawati 300 pa sipika ya 4 Ω? Werengani. P = V² ÷ R. Kuti mupeze mawati 300 pa 4 Ω mukufunika V² ikhale 1,200, kutanthauza mavoti pafupifupi 35. Ndi mavoti 12 okha, ngakhale mutafinya bwanji, simungapitirire mawati 18 kapena 20 osaipitsa mawu, ndipo n'chifukwa chake wailesi ya m'galimoto payokha siingakankhe wufa. Chinsinsi chili mkati mwa ampulifaya. Muli kadera kamene kamaduladula DC ija maulendo masauzande ambiri pa sekondi, kuidutsitsa mu katransformer kozungulira ngati donasi, n'kuikweza kufika pa mavoti 30, 40 kapena kuposa.

Koma energy siibadwa yokha. Mukakweza voltage mbali imodzi, mumalipira ndi current mbali inayo. Ampulifaya ya Class D, imene imataya pang'ono, imapereka ku sipika pafupifupi magawo 80 pa 100 a mphamvu imene yalandira. Kuti itulutse mawati 300 iyenera kulandira 300 ÷ 0.8, omwe ndi mawati 375. Pa mavoti 12, current ndi 375 ÷ 12, yomwe ndi yoposa 31 A. Ikakhala ya Class AB, yachikale ija yotentha kwambiri, imataya pafupifupi theka, ndipo current imakwera kufika cha m'ma 45 A. Yerekezani ndi mawati 375 omwewo pa mavoti 230: ndi 1.6 A yokha. Ndiye musadabwe kuti chingwe cha TV n'chopyapyala pomwe cha ampulifaya ya m'galimoto n'chonenepa ngati chala.

Pano ndikuuzeni kanthu kokuthandizani pamsika. Pa katoni mupeza atalemba 2000W kapena 3000W PMPO ndi zilembo zofiira zikuluzikulu. Nambala imeneyo ine sindiiwerengera, ndipo inunso musamaiwerengere, chifukwa palibe muyezo umodzi wogwirizana wa PMPO, aliyense amalemba imene yamusangalatsa. Yang'anani nambala ya RMS. Ikasowa, yang'anani fyuzi imene ili pa ampulifayayo. Ngati ndi ya 30 A, mphamvu imene ingalowe mosalekeza siingapose 30 × 14.4, omwe ndi mawati 432, ndipo yotuluka ndi yochepera apo. Katoni ikhoza kunama, fyuzi siinama.

Waya

Kutentha kwa mu waya ndi I²R. Onani kuti current ili ndi square: ikawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Tengani waya wa kopa wa 1.5 mm², wofanana ndi wa magetsi owunikira m'nyumba. Batire likhale mamita 2 kuchokera pa ampulifaya, ndiye kupita ndi kubwera ndi mamita 4. Resistance yake ndi pafupifupi 0.045 Ω. Ikuoneka yaing'ono, eti? Dutsitsani 30 A. Kutentha ndi 30 × 30 × 0.045, mawati oposa 40, otayika mu waya wobisika kuseri kwa mpando, ndipo mavoti pafupifupi 1.4 atha panjira asanafike ku ampulifaya. Waya wa 10 mm² pa mtunda womwewo amataya mawati 6 okha. Waya wonenepa ndi wodula, inde, koma njira yotchipa ilipo: fupikitsani mtunda, batire ndi ampulifaya ziyandikane.

Ndipo pa waya wa +, pafupi penipeni ndi batire, payenera kukhala fyuzi ina. Fyuzi ya pa ampulifaya imateteza ampulifaya yokha, siiteteza waya. Khoswe akatafuna pulasitiki ya wayayo n'kugundana ndi wa −, batire likhoza kutulutsa ma ampere mazanamazana, waya amafiira ngati wa mbaula ya magetsi m'masekondi ochepa. M'nyumba yofolera udzu, kapena pafupi ndi katani ndi matumba a chimanga, mukudziwa nokha mathero ake. Fyuzi ikapsa, fufuzani chimene yapsera. Kuikapo kawaya kapena pepala lonyezimira m'malo mwake ndi kuchotsa mlonda chifukwa wakuwa kuti kuli akuba.

Mavoti 12 achokere kuti?

Kwa amene ali ndi magetsi a ESCOM, pamafunika chipangizo chosandutsa 230 V AC kukhala 12 V DC, chokwanitsa current imene tawerenga ija. Ambiri amagwiritsa ntchito power supply ya kompyuta yakale ya pa desiki. Pachikalata chake pali mzere wa +12V ndi current yake. Pakalembedwa 18 A ndiye kuti malire ndi 12 × 18, mawati 216, ngakhale pamwamba atalemba 450W, chifukwa mawati enawo ndi a mizere ya mavoti 5 ndi 3.3. Mawaya achikasu ndiwo a +12 V, akuda ndi a −, ndipo imayaka wobiriwira akalumikizidwa kwa wakuda. Mawaya achikasu ndi opyapyala, choncho amaphatikizidwa angapo pamodzi, akuda chimodzimodzi. Besi ikagunda mwamphamvu power supply n'kuzima yokha, sikuti yafa, ikukuuzani kuti mwapitirira malire ake. Chivundikiro chake chokha musatsegule. Mkati muli macapacitor amene amasunga mavoti oposa 300 ngakhale pulagi itazulidwa. Chilichonse chokhudza mbali ya 230 V chigwiridwe ndi amisiri a zamagetsi, ndipo phini lachitatu la pulagi, la earth lija, likhale lolumikizidwa.

Zinthu zitatu zimene anthu amayesa koma sizithandiza. Chaja ya laputopu nthawi zambiri imapereka mavoti 19, ochuluka kwa ampulifaya ya m'galimoto, pomwe current yake ndi 3 A kapena 4 A yokha. Chaja ya batire la galimoto yachikale, yolemera ija, DC yake ndi ya mabampu, ndipo mukailumikiza popanda batire mumva kung'ung'udza kosalekeza kwa 100 Hz, kuwirikiza kawiri 50 Hz ya ESCOM, chifukwa rectifier imatembenuza theka lililonse la funde. Chachitatu ndi panelo ya sola. Imatchedwa "ya 12 V" koma padzuwa la masana, isanalumikizidwe ku kanthu, imafika mavoti 21 kapena 22. Ampulifaya isalumikizidwe mwachindunji ku panelo.

Kwa nyumba zodalira sola, zomwe ndi zambiri m'midzi yathu ino, nkhani ndi yabwinoko: muli nawo kale mavoti 12 a DC, ndipo ampulifaya ya m'galimoto ikukwanira bwino kuposa ya m'nyumba. Kunena zoona, iyi ndiyo njira imene ine ndimaiona ya nzeru. Kukweza 12 V kufika 230 V ndi inverter kenako kuitsitsanso n'kungotaya energy kawiri. Koma ampulifaya ilumikizidwe pa batire penipeni, kudzera pa fyuzi, osati pa timabowo ta "load" ta charge controller, popeza macontroller ang'onoang'ono ambiri amalola 10 A kapena 20 A basi.

Werengani kaye chuma chimene muli nacho. Batire la 100 Ah pa mavoti 12 limasunga 1,200 Wh. Batire la lead-acid silifuna kukhuthulidwa kupitirira theka, apo ayi moyo wake umafupika, choncho muli ndi 50 Ah zogwiritsa ntchito. Nyimbo sizikoka 31 A nthawi zonse, zimakoka kwambiri pamene besi yagunda. Tiyerekeze kuti pa avereji mukukoka 8 A: 50 ÷ 8 ndi maola opitirira pang'ono 6. Zikumveka zambiri, koma batire lomwelo ndi limene likuyatsa mababu amene mng'ono wanu akuwerengera za mayeso, ndi kutchaja foni ya amayi. Batire likakhala la 40 Ah, maolawo atsika kufika 2 ndi theka. Ndipo ngati ndi batire lochotsa m'galimoto, limenelo analipangira kupereka current yambiri kwa masekondi ochepa poliza injini, osati kukhuthulidwa usiku uliwonse. Silichedwa kufooka.

Batire la madzi likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen, umene umaphulika ukakumana ndi moto. Likhale pamalo popita mphepo, kutali ndi kandulo, koloboyi kapena mbaula, ndipo lisakhale kunsi kwa bedi.

Timabowo tatatu ndi kakombola kamodzi

Pa ampulifaya muona malo atatu oyandikana: +12V, GND ndi REM. Awiri oyambawo ndi a batire. REM ndi pamene ambiri amakakamira n'kuganiza kuti ampulifaya ndi yakufa. M'galimoto, wailesi ikayatsidwa imatumiza mavoti 12 pa kawaya kameneka kuuza ampulifaya kuti idzuke. M'nyumba mulibe wailesi yotero, ndiye mumachotsa kawaya kopyapyala pa +12V kupita pa REM, pakati pake muikepo switch. Osangomangirira, chifukwa ampulifaya yoyaka imadya batire ngakhale isakuimba. Onetsetsaninso kawiri kuti + ndi − sizinasinthane musanalumikize waya womaliza.

Nyimbo zimalowa pa timabowo ta RCA, tofiira ndi toyera. Kakombola ka LPF kaikeni cha pa 80 Hz. Kumbukirani kuti wufa ikupatsani besi yokha, mawu a woimba ndi gitala akufunika masipika ena. Ka gain ndiko kovuta. Si volume ayi, ntchito yake ndi kugwirizanitsa ampulifaya ndi mphamvu ya chimene chikutumiza nyimbo. Mukakapotoza mpaka kumapeto, ampulifaya imafuna kutulutsa voltage imene ilibe, nsonga za funde zimadulidwa, besi imamveka ngati kung'ambika kwa nsalu, ndipo koyilo imatentha mpaka vanishi wake kupsa. Mukamva kafungo kameneko mwachedwa kale. Ampulifaya yaing'ono yokakamizidwa imatha kupha wufa yaikulu. Ndipo ndi kutentha kwa kuno mu Okutobala, musaivundikire ndi nsalu yokongoletsa ngati TV. Zipsepse zake za aluminiyamu zimafuna mpweya.

Bokosi ndi chipinda

Ikani wufa yopanda bokosi patebulo, muiyatse. Cone ivina mwamphamvu, koma besi kulibe. Pamene kutsogolo kukukankha mpweya, kumbuyo kukukoka, ndipo poti mafunde ake ndi aatali mamita angapo, mpweya umangozungulira m'mphepete, mafunde awiriwo n'kufafanizana. Ndi destructive interference imene mukhoza kuimva ndi makutu anu. Bokosi ntchito yake ndi kutsekera funde lakumbuyo.

Bokosi lotseka paliponse ndilo losavuta kukhoma, ndipo mawufa ambiri a mainchesi 12 amafuna malita a pakati pa 30 ndi 40, pafupifupi zigubu ziwiri za malita 20. Lamkati mwa masentimita 40 × 35 × 25 ndi 35,000 cm³, malita 35. Thabwa likhale lochindikala, mamilimita 18, mokhomedwa ndi guluu, losatulutsa mpweya pena paliponse. Lokhala ndi bowo limalira kwambiri, koma bowolo si longoboola, utali ndi kukula kwake zimawerengedwa, ndipo likalakwika mumapeza bokosi loimba noti imodzi yokha pa nyimbo iliyonse.

Konzekani kukhumudwa pang'ono. Wufa imene inkagwedeza galimoto imamveka yofatsa m'nyumba. Mkati mwa galimoto ndi mochepa poyerekeza ndi funde la mamita 6.8, ndiye wufa siitumiza funde kwenikweni, imangofinya ndi kumasula mpweya wonse wa m'galimotomo, ngati muli mkati mwa pampu. Pabalaza mwayi umenewo umachepa. Chimene mungachite ndi kuikankhira pakona, pamene makoma awiri ndi pansi zimabweza mafunde onse kulowa m'chipinda. Kenako yendani m'chipindamo nyimbo ikulira. Mupeza malo ena besi ikugunda pachifuwa, mukasuntha mapazi atatu yasowa. Amenewo ndi ma standing wave. Pa chipinda cha mamita 4, loyamba lili pa 340 ÷ (2 × 4), yomwe ndi 42.5 Hz, ndipo limamveka kwambiri m'mphepete mwa makoma, pakati pa chipinda n'kufooka. Malata akayamba kulira okha pa noti inayake, ndi resonance, ndipo mankhwala ake ndi msomali, osati mawati owonjezera.

Mawati owonjezerawo ngakhale sagula zambiri. Kuwirikiza power kawiri kumangowonjezera 3 dB, kusiyana kumene khutu limangokumva pang'ono. Kuti mawu amveke ngati akwera kawiri pamafunika pafupifupi 10 dB, kutanthauza power yowirikiza ka 10. Kuchoka pa mawati 100 kufika pa 1,000, ndi batire, mawaya ndi ndalama zonse zimene zikufunika, kuti phokoso lingomveka kawiri. Koma ku khutu lenilenilo 3 dB si yaing'ono. Muyezo umene a bungwe la NIOSH ku America amagwiritsa ntchito pa malo a ntchito ndi 85 dB kwa maola 8, ndipo 3 dB iliyonse yowonjezera imadula nthawiyo pakati: 88 dB maola 4, 91 dB maola 2, mpaka pa 100 dB pamatsala mphindi 15 zokha. Timaselo ta mkati mwa khutu timene timamva mawu tikafa sitimeranso. Mukazimitsa nyimbo makutu n'kumalira "tsiii", mwapitirira. Aneba nawo amamva besi yanu kuposa mmene mukuganizira, chifukwa khoma limatchinga mosavuta mawu okwera koma otsika amadutsa ndi kuzungulira nyumba.

Yesani ili musanawerenge nkhani yotsatira. Wufa ili ndi makoyilo awiri a 2 Ω iliyonse. Ampulifaya ya Class D yalembedwa kuti imalola 2 Ω kupita m'mwamba, ndipo imatulutsa mawati 200 RMS pa 4 Ω. Batire ndi la 70 Ah. Makoyilowo muwalumikiza mwa series kapena parallel, ndipo chifukwa chiyani? Current yaikulu imene ampulifaya ingakoke pa mavoti 12 ndi yochuluka bwanji? Ngati pa avereji ikukoka gawo limodzi mwa magawo anayi a current imeneyo, nyimbo zilira maola angati batire lisanafike pa theka? Onetsani njira yonse, osati yankho lokha.